Zomwe Makina Anamva M'khitchini mwa Condy

Nuala McNelis anamuona koyamba pa siteji ya basi ku Ardara, mvula ikuwaza. Mnyamatayo anali atavula jekete n'kufunditsa chikwama chakuda, iye mwini akunyowa ngati nkhosa ya paphiri.

"Achimwene, muli khanda m'chikwamamo?" anafunsa Nuala.

"Muli makina ojambulira nyimbo. Ine chimfine ndimachira, koma awa akanyowa ndiye maliro."

Anati dzina lake ndi Lorcan Tierney, wa ku Dublin. Gulu lake loimba linkatenga nyimbo zamakedzana n'kuziveka magitala amagetsi ndi ng'oma za pakompyuta. Ankafunafuna mkulu wina wa ku Glencolmcille, Condy McNelis, yemwe vayolini yake akuti inkaliza ndi wansembe yemwe.

"Mukuwadziwa?"

"Pang'ono," anatero Nuala. "Ndimawafulira tiyi m'mawa uliwonse. Ndi bambo anga."

Condy anali atakana ojambula nyimbo moyo wake wonse. Koma tsopano zala zinayamba kunjenjemera, alongo ake a Nuala onse anali ku Australia, ndipo panalibe mwana amene anaphunzira vayolini. Nuala yekha ndiye anatsala pakhomo chimwalirireni mayi ake. Masana ankagulitsa majuzi aubweya m'sitolo ku Ardara, madzulo ankasamala bambo ake. Tsiku lomwelo anapita ndi Lorcan kunyumba.

"Bambo, mukapita nazo nyimbozi kumanda, ine nditsala ndi chiyani?"

Mkuluyo anamuyang'ana. Kenako anatembenukira kwa mlendo.

"Mnyamata iwe, ng'oma zako za m'kompyutazo zimatopa?"

"Sizitopa, achikulire."

"Ndiye vuto lake limenelo. Chabwino, yika zinthu zakozo patebulo. Ulankhule mokweza, makutu anga anapita kale."

Kuyambira pamenepo Lorcan ankabwera Loweruka lililonse. Ankaimika maikolofoni pakati pa ketulo ndi mbale ya buledi, Condy n'kumaimba nyimbo zimene anaphunzira kwa amalume ake, phazi likugunda pansi. Akatopa, Lorcan ndi Nuala ankatsikira kugombe, mphepo ikuwakankha ngati ikufuna kuwagundanitsa.

"Ndinabwerera nyimbo," anatero Lorcan tsiku lina, atagwira zala zake zozizira. "Sindinadziwe kuti ndidzasiya mtima kuno."

"Anyamata a ku Dublin pakamwa pamakhala uchi."

"Lawa kaye, kenako uweruze."

Nuala anaseka mpaka misozi. Ndi liti pamene anasekapo chonchi? Iye mwini sanakumbuke.

Mkati mwa sabata foni yake sinkapuma.

"Kambalame kanga ka ku Glen, mzinda wonsewu ndi phokoso lokhalokha. Ndikufuna mawu ako."

"Duwa langa, wadya? Usamangodyetsa achikulire n'kudziiwala."

Ndipo uthenga wina umene Nuala ankauwerenga mobisa kuseri kwa mashelefu a majuzi: "Chimbale chikangotuluka, ndikubwera kudzakhala. Ndidzakukwatira m'tchalitchi cha kwanu komweko, achikulire akutiimbira. Ndalumbira."

Chinthu chimodzi chokha chinkamudabwitsa Nuala. Dzinja litayandikira, bambo ake anasiya kumuseka Lorcan za ng'oma zake. Ankaimba, akamaliza n'kuika vayolini m'bokosi, osanena kanthu.

"Mwayambana?" anafunsa Nuala.

"Ukalamba, mwanawe. Ukalamba basi."

Condy anamwalira mu Januwale, atakhala pampando wake pafupi ndi moto. Oimba anabwera kuchokera ku Teelin ndi ku Kilcar, nyumba inadzaza mpaka pakhonde. Lorcan ananyamula nawo bokosi. Kumanda anagwira Nuala paphewa, anthu onse akuona, ndipo amayi a m'mudzimo ankanong'onezana kuti mtsikanayu sanatsale yekha ayi.

Mawa lake anabwerera ku Dublin, akuti gulu linali ndi ulendo wokaimba ku Glasgow.

Nyumba inakhala chete moopsa. Vayolini inali pamwamba pa kabati. Nuala ankafula tiyi n'kupeza kuti watulutsa makapu awiri.

Analemba uthenga: "Lorcan, nditumizire mawu a bambo. Osati zokonzedwa zija za chimbale. Ndikufuna zonse, ndi kutsokomola komwe."

Yankho linabwera msanga. "Ndatumiza zonse, wokondedwa, sindinadulepo kanthu. Ulire, koma usalire kwambiri. Ndine wako."

Lamlungu masana, atachoka ku Misa, Nuala anakhala pampando wa bambo ake n'kuvala mahedifoni. Vayolini inalira, phazi likugunda pansi. Anamva supuni ikuzungulira m'kapu. Anatseka maso, ndipo bambo ake anali m'khitchinimo.

Anamvera tsiku ndi tsiku, mwadongosolo, mpaka anafika pa zimene anajambula mu Novembala.

Nyimbo inatha. Anamva mawu ake omwe akuti, "Moto ukuzima, ndikatenge zibuma zoyaka ngati nkhuni zija kushedi." Chitseko chinatsekeka. Ankayembekeza kuti zithera pomwepo, koma makina sanazimitsidwe.

Foni inalira m'zojambulazo. Mapazi anayenda pang'ono.

"Dervla, mtima wanga," anali mawu a Lorcan, otsika, ofewa, mawu omwe aja. "Ayi, ndikadali kuno kwa mdala uja. Wagona pampando, ndipo samva n'komwe... Kwatsala nyimbo zochepa, ndikazitenga ndathana nako kuno... Mtsikanayo? Usayambe nsanje, iwe. Popanda iye mdalayu sakanalola... Mphete ija yakukwana? Uwauze mayi ako kuti Juni ali bwino."

Nuala anagwira m'mphepete mwa tebulo. Ankafuna kuvula mahedifoni, koma anapitiriza kumvera.

Kenako mpando unalira, ndipo kunamveka mawu ena.

"Khutu lakufa ndi lakumanzere, mnyamata iwe. Lakumanjali likadali moyo."

Anali bambo ake.

"Achikulire, si mmene mwamveramo..."

"Ndamva bwinobwino. Khala pansi." Condy anatsokomola. "Nyimbozi tenga. Si zanga, ndinazipeza, ndipo ndikuzisiya. Uziveke magitala, uziveke zitini, zidzapirira. Zinapirira njala, zingalephere kupirira iwe? Koma Nuala wanga si nyimbo yoti ujambule n'kunyamuka nayo."

"Ndimamukonda, achikulire. Zinthu zangosokonekera."

"Ndiye umuuze. Umuuze wekha, ndi pakamwa pakopo. Ine sindingathe." Mkuluyo anatsokomolanso. "Mwana ameneyu anasiya moyo wake chifukwa cha ine. Chimwalirireni mayi ake sindinamumve akuseka, ndipo tsopano akuseka. Ndikhale ine womulanda zimenezo? Ndilibe mphamvu imeneyo. Lonjeza kuti umuuza Khirisimasi isanafike."

"Ndalonjeza."

Chitseko chinatseguka. Nuala anadzimva akulowa, akupuma mwamphamvu ndi katundu wa zibuma.

"Mwakhala chete bwanji, ngati muli pamaliro?"

"Tikukamba za mitengo ya nkhosa," anayankha bambo ake.

Ndipo mtsikana wa m'makinayo anaseka. Anaseka ndi mtima wonse, wosadziwa kanthu.

Nuala anakhala pampandopo mpaka tiyi anazizira. Khirisimasi? Pa Khirisimasi Lorcan anamupatsa mpango wofiira, n'kumupsompsona pamaso pa bambo ake. Ndipo mkuluyo anangoyang'ana pamoto. Anamwalira atasenza chinthu chimenechi yekha!

Sanalembe mawu ambiri. Anangotumiza uthenga umodzi: "Mvera za mu Novembala, nyimbo yomaliza ikatha."

Lorcan anafika Lachiwiri masana pa galimoto yobwereka. Anaima pakhomo, maso ofiira, ndevu zosameta. Nuala sanamuuze kuti alowe.

"Kambalame kanga..."

"Dzina langa ndi Nuala."

"Nuala, ndimvere. Za Dervla zinayamba kale, ndisanakudziwe. Poyamba ndinkafuna nyimbo zokha, sindikana. Koma kenako ndinakukonda zenizeni. Ndinkafuna kukuuza, tsiku lililonse ndinkafuna."

"Ukwati uli mu Juni?"

Lorcan anayang'ana pansi.

"Ndafunsa. Uli mu Juni?"

"Sindinaulepheretse. Koma ukangonena mawu amodzi..."

"Ndinene ine? Bambo anga anakupempha chinthu chimodzi. Anakupatsa nyimbo zonse za amalume awo, iwe n'kulephera chimodzi chokhacho. Kenako unabwera kudzanyamula bokosi lawo. Silinakulemere?"

Mnyamatayo analira. Nuala anamuyang'ana, n'kudabwa kuti mtima wake ukumufunabe munthu ameneyu, ngakhale tsopano. Zimenezo ndiye zinamupweteka koposa.

"Chimbale ndichisiya," anatero Lorcan. "Sinditulutsa."

"Utulutse. Anakupatsa okha, ine sindingalande. Ulembepo dzina lawo, ndi la amalume awo, Hiúdaí. Langa usalitchule paliponse."

"Ndipo gawo lijalo ndifufuta. Ndikulonjeza, palibe amene adzalimve. Nawenso ulifufute, Nuala, lizingokuvulaza."

Nuala anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Ndamvera zonse zimene unajambula, kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Bambo akuimba, akutsokomola, akupempha shuga. Koma ndi pamenepo pokha pamene akutchula dzina langa."

Lorcan anapukuta misozi ndi dzanja.

"Ndiye ndizimvera," anatero Nuala. "Kuti ndifike pa mawu awo ndiyenera kudutsa pa ako, tsiku lililonse limene ndawasowa. Chimenecho ndicho wandisiyira. Pita bwino, Lorcan. Msewu wa kuphiri ukuterera."

Anatseka chitseko mofatsa. Anaima kumbuyo kwake, chipumi chitatsamira thabwa, mpaka phokoso la galimoto linazimirira kuseri kwa phiri.