Mutu Sunadikire Phunziro

Inu mumati munamvapo nkhani? Simunamve kanthu inu, makutu anuwo ndi okolekapo chipewa basi. Sendera kuno iwe wotong'ola masowe, tione ngati ugone lero.

Kumapiri a Ntchisi uku kunali kasukulu ka ana ophunzira udokotala. Wowaphunzitsa za thupi la munthu anali mayi Tabita Solomoni, wamfupi ngati ine, koma mawu ngati belu la tchalitchi. Ine kusukulu sindinapondeko, koma ndikudziwa kuti thupi saliphunzira lonse kamodzi, amaligawa ngati mbuzi ya paukwati. Mwezi uno mikono, wamawa miyendo, kenako chifuwa, mutu kumapeto. M'kalasimo munali mafupa a munthu weniweni wakalekale, wopanda dzina, olumikizidwa ndi mawaya, atapachikidwa pachitsulo pakona.

Atangomaliza za mikono, kutacha anapeza mikono ya mafupa aja palibe, mawaya okha akulendewera. Mayi Tabita anati ndi chibwana cha ophunzira. Atamaliza za miyendo, miyendo nayo zii!

Apo manong'onong'o anabuka. Pamsika ankati, "Mayi aja akugulitsa mafupa kwa asing'anga." Ogulitsa tomato anasiya kuwapatsa moni. Usiku wina mwala unagwa padenga pawo, gu! Mkulu wa sukulu anawaitana n'kuwauza kuti, "Amayi, likasowanso fupa limodzi ndiitana apolisi, anthuwa asanakuotchereni nyumba."

Tsiku lomwe anamaliza za chifuwa, mayi Tabita anachotsa chigaza, n'kuchitsekera m'kabati, kiyi n'kumangirira pansonga ya chitenje. Kenako anakhala pansi pambali pa kabatiyo kudikira wakubayo.

Mdima unali bii, chifunga chozizira cha mu Juni chikukwawira pansi pa chitseko. Nkhululu zinalira, zinalira, kenako zinangoleka zonse pamodzi. M'kabati muja, pafupi ndi khutu lawo, munamveka go, go, go, pang'onopang'ono, ngati mkamwini akuodira kwa apongozi. Iwo anati ndi khoswe. Iwe, khoswe amagogoda katatu n'kudikira yankho?

Chitseko cha kalasi kwee! Analowa a Filipo, mlonda wokalamba wa pasukulupo. Anagwada, anaomba m'manja chapansipansi, anamasula nthiti ndi msana n'kukulunga m'nsalu yoyera. Mayi Tabita anawatsata chozemba, mame akuwanyowetsa miyendo, mpaka pansi pa msuku kuphiri. Apo anawalitsa tochi.

"A Filipo! Kani mukundiphetsa ndinu?"

"Tsitsani mawu, amayi, pano pali maliro," ananong'ona mkuluyo. "Ine kwathu ndine mdzukulu, ndaika anthu ambiri m'manda. Bambo awa amagogoda usiku uliwonse. Munthu angaime zaka zonsezi osagona? Ndiye ndimadikira anawo amalize chigawo, ine n'kubwera nacho kuno. Phunziro la mwana sindinabepo ayi."

"Fukulani ndione."

Anafukula. Mikono ili apo, miyendo ili apo, yoyalidwa bwino pamphasa. Ndipo kumtunda kwake, pamalo pake penipeni, panali chigaza, dothi litadzaza m'maso.

Khasu linawapulumuka a Filipo. "Amayi," anatero, "mutu simunaphunzitse. Ine sindinaukhudze."

Mayi Tabita anagwira pansonga ya chitenje, kiyi alipo. Anathamanga, akugwa akudzuka, mpaka m'kalasi. Kabati ili chitsekere. Atatsekula munalibe kanthu, koma kadothi kofiira, konyowa, ngati kamene kali pansi pa msuku paja.

Kutacha a Filipo anapita kwa mkulu wa sukulu n'kuvomera zonse, ngakhale za mutu womwe, kuti amayiwo asiyidwe. Ntchito inawathera pomwepo, nyumba ya amayi sinapse, ndipo palibe analimba mtima kukafukulanso pamsukupo.

Za mutu anaphunzitsira pa chigaza chapulasitiki chogula kutauni. Poweruka amachisiya chitayang'ana kukhoma. M'mawa amachipeza chitayang'ana kuphiri.

Nanga ukuchewukiranji kumbuyo? Si paja umati sumaopa iwe, Lonjezo? Ukamva kugogoda usayankhe, basi. Mtsuko uli panja, kumdima uko. Nyamuka, kukhosi kwanga kwauma, kanditungire madzi!