Mitundu Isanu ya Pulofesa

Ikangokwana 1 koloko masana, m'kalasi ya Fomu 3 munkapsa anthu. Chipindacho chinali kumathero kwa mdadada, malata ali pafupi ndi mutu, siling'i mulibe. Ana ankawodzera cholembera chili m'manja, thukuta likudonthera pamakope. Atakadandaula, ahedi anawauza kuti komiti ya sukulu ili ndi matabwa a siling'i okwana chipinda chimodzi chokha, ndipo kalasi iliyonse ikulira kuti yawo ndiye ng'anjo.

"Bweretsani umboni papepala," anatero ahediwo. "Komiti ikadzakumana idzasankha."

Kwa milungu iwiri a Fomu 3 anazungulira sukulu yonse ndi kachipangizo koyezera kutentha, chipinda ndi chipinda, ola ndi ola, mpaka manambala anadzaza kope. Ntchito yowasandutsa chithunzi inagwera awiri: mnyamata wina amene anzake ankamutcha Pulofesa, ndi msuweni wake wosayankhulayankhula, Nachete. Dzina la Pulofesa linali lachipongwe, koma mwini wake sankadziwa. Ankaliyankha mokweza mapewa, ngati analichita kulembera mayeso.

M'chipinda cha makompyuta Pulofesa anakhala pampando, Nachete ataimirira kumbuyo. Analemba mizere ingapo m'pulogalamu, ndipo panatuluka mapu a sukulu: kabokosi kalikonse chipinda, mtundu wake kusonyeza kutentha. Pulogalamuyo inali ndi mitundu yokonzeratu, koma iye anaitsonya.

"Za alesi izi," anatero. "Ine ndipanga yangayanga."

Analemba mndandanda wa mitundu isanu: buluu wodera pozizira kwambiri, kenako buluu wowala, chikasu pakati, olenji, ndipo kumapeto, potentha kwambiri, kufiira kodera. Anauza kompyuta kuti iisakanize pang'onopang'ono kuchoka pa wina kupita pa unzake. Kunena zoona, chithunzicho chinakongola. Laibulale inatuluka yabuluu, chipinda chawo chofiira psuu. Pulofesa anatsamira kumpando n'kuyamba kudziyamikira yekha, poti wina womuyamikira sankamudikira.

"Bwanji tingoyambira koyera, n'kumadera pang'onopang'ono?" anafunsa Nachete. "Kotentha kwambiri kukhale kwakuda kwambiri, basi."

"Iwe msuweni, tikupanga sayansi pano, osati kupaka makala pakhoma."

"Nanga manambala wawachotseranji m'timabokosimo?"

"Akuipitsa chithunzi. Wamaso aona yekha."

"Komatu kuofesi kuja..."

"Zakuofesi zisiye. Iwe unazolowera kope ndi rula. Lemba mayina a makalasi, ndi zomwe ungathe."

Nachete anayamba kulemba mayinawo. Pulofesa anatumiza chithunzicho kwa kalaliki wa sukulu osachisindikiza n'kamodzi komwe kuti aone mmene chitulukire. Ana salowa m'misonkhano ya komiti, choncho pepalalo linayenera kukadziyankhulira lokha. Sabata yonseyo Pulofesa ankayenda pabwalo manja ali m'thumba, akuuza anzake kuti ayambiretu kubwera ndi majuzi.

Lolemba m'mawa ahedi analowa m'kalasi atagwira pepala.

"Komiti yasankha," anatero. "Siling'i ikupita ku Fomu 1."

Kalasi yonse inachita phokoso. Pulofesa anadzambatuka.

"Sizingatheke, aphunzitsi! Chipinda chathu chinali chofiira kuposa zonse!"

"Chofiira?" Ahedi anamupatsa pepalalo. "Tandisonyeza."

Pulofesa analiyang'ana. Makina osindikizira a kuofesi sadziwa buluu kapena kufiira. Amangodziwa kuda ndi kuyera. Buluu wake wodera anatuluka wakuda bii. Kufiira kwake kodera nakonso kunatuluka kwakuda bii. Chikasu cha pakati ndicho chinawala mbee. Ngakhale kamzere ka m'mbali kofotokoza mitundu kanali kakuda uku ndi uku, osathandiza munthu.

"A komiti anaona kuti chipinda chanu chikufanana ndi laibulale," anapitiriza ahedi, "ndipo aliyense akudziwa kuti mulaibulale, pansi pa mitengo paja, mumazizira. Ndiye anati kwakudako ndi mthunzi, kowalako ndi dzuwa. Kowala kwambiri kunali ku Fomu 1. Manambala munalibe, anthu akanatani?"

"Tikonzanso, aphunzitsi. Lero lomwe."

"Akalipentala afika kale, mwana wanga. Matabwa adulidwa pamuyeso wa chipinda chimenecho."

Ahedi atatuluka, palibe anamukalipira Pulofesa. Bola akanamukalipira. Anzake anangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, wina kumbuyo n'kutsonya motalika, kenako aliyense anatsegula kope lake. Milungu iwiri yoyenda padzuwa inathera pamenepo. Pulofesa anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire, ndipo anabwerera kumpando wake wapawindo ali wee.

Masana a tsiku lomwelo nyundo zinayamba kumveka kutsidya kwa bwalo, kho, kho, kho. M'kalasi mpweya unaima. Aphunzitsi a masamu ali mkati molemba pabolodi, Nachete anagwira mphuno, ndipo magazi anadutsa pakati pa zala n'kudonthera pakope. Mnzake wina anamupatsa kansalu, aphunzitsi n'kumuuza kuti aweramire kutsogolo.

Pulofesa anaimirira, anatola mabuku ake, n'kumulozera Nachete mpando wake wapawindo, pokhapo pamene kamphepo kankafika. Nachete anapita kukakhalapo osamuyang'ana n'komwe.

Pulofesa anakakhala pamalo a msuweni wakeyo, pakatikati pa chipinda, pansi penipeni pa malata. Malo amenewo ankawadziwa bwino: anawayeza yekha, madigiri 38, n'kuwasankhira mtundu wokongola. Koma anali asanakhalepo. Atatsamiritsa mkono padesiki, thabwa linamuwotcha, ndipo panali patatsala maola awiri kuti aweruke.