Ketulo ya a Jaffalie

Madzulo amenewo Amida anachedwa kuweruka ku hotelo ya ku Makokola komwe amachapa zofunda za alendo. Minibasi zinali zitatha, akabaza nawonso osaoneka. Anangomanga mpango wake n'kuuyamba wapansi, njira ya ku Nkope. Mwezi unali wathunthu.

Kale msewu umenewu sankauyenda yekha. Amuna ake, a Jaffalie, ankadzamuchingamira pageti. Anali munthu wofatsa, wotsimphina mwendo wamanzere, koma wamakani pa chinthu chimodzi: iwo kuyenda mbali ya galimoto, mkazi mbali ya tchire. "Ikafuna kugunda iyambe ine," ankatero.

Chilema chawo china chinali cha mwezi. Ukakhala wathunthu ankasowa usiku wonse, n'kubwera m'bandakucha ali matope okhaokha. Amida sankafunsa, banja ndi kupirira. Ankangowaikira ketulo ya madzi pakhonde kuti atawaze asanapite kumzikiti. Koma chaka chija mphekesera za anamapopa zitavuta, anthu akugona panja ndi zikwanje, wina anati waona fisi akulowa kuseri kwa nyumba yawo. A Jaffalie anathawa anthu asanawagwire. Sanaonekenso, ndipo Amida ankawasowa koopsa.

Akuganiza zimenezi, anamva matayala kumbuyo. Galimoto yoyera, yopanda nambala, nyali zozima. Inkayenda liwiro la iye. Akaima, nayo kuima.

Galasi linatsika. Munali bambo wa suti, nkhope yosalala ngati ya chidole.

"Mayi, kwerani tikakusiyeni."

"Zikomo, ndafika kale."

Kumpando wakumbuyo Amida anaona timapaipi ndi mabotolo. Munkatuluka fungo la kophera ng'ombe. Chitseko chinatseguka. Amida anabwerera m'mbuyo.

Kenaka tchire linagwedera. Panatuluka fisi, chifisi chachikulu, n'kuima pakati pa iye ndi galimoto. Sichinalire. Chinangoyasamula. Chitseko chinatsekeka msangamsanga, galimoto n'kuthawa osayatsabe nyali.

Amida anadikira kulumidwa. Koma chinyamacho chinangoyamba kuyenda pang'onopang'ono, nayenso n'kutsatira. Atapita patsogolo anazindikira kuti chikuyenda mbali ya galimoto. Chinkakoka mwendo wamanzere.

"Che Jaffalie," ananong'ona, "ndinu?"

Fisi anaweramitsa mutu, osamuyang'ana.

Polowa m'mudzi agalu onse anayamba kuuwa. A Mustapha, oyandikana nawo nyumba, omwe aja anatsogolera zikwanje chaka chija, anatulukira ndi tochi.

"Mlamu, kwagwanji? Agaluwa aona chiyani?"

Amida anacheuka. Mumthunzi wa mtengo wa mango munali maso awiri.

"Palibe. Akuuwa ine."

Analowa m'nyumba. Mwana wawo Yasmin anali mtulo. Amida anatsitsa ketulo ija pomwe inkachita fumbi, anaitsuka, naidzaza madzi, n'kukaiika pakhonde. Tulo sitinabwere.

Azana yoitanira anthu kumzikiti isanamveke, anamva madzi akutsanulidwa. M'manja. M'kamwa. Kumaso. Kumapazi. Kenaka kachifuwa kaja, kokhosomola ngati munthu wopepesa. Misozi inangoyenda yokha. Dzanja lake linali kale pachitseko.

Koma akanatsegula, Yasmin akanadzuka n'kukuwa kuti "Ababa!" Ndipo a Mustapha tulo tawo n'ta nkhuku. Amida anatsamira mphumi pachitseko, akumva mpweya wa amuna ake kuseri kwa thabwa. Sanatsegule.

Kutacha anapeza ketulo itavundikiridwa bwinobwino, monga ankaisiyira mwini wake. Mapazi obwera anali a chinyama. Obwerera anali a munthu, limodzi lokoka. Anawasesa anthu asanadzuke.

Pachitsime amayi amanong'onezana kuti Amida amamwetsa fisi. Mwezi ukadzaza, iye amatsuka ketulo.