Kasitima Kothamanga Ngati Khoswe

Kamphepo anali mtsikana wokonda sitima. Dzinali anamupatsa ndi abambo ake. Mwanayu sankadziwa kuyenda. Ankangothamanga.

Amayi ake anali oyendetsa sitima. Sitima yeniyeni, yaitali, yolemera. Ankapita nayo kutali. Ankagona konko masiku angapo. Koma tsiku limeneli anali kubwera kunyumba.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuonetsa amayi kasitima kake.

Kasitimako kanali m'chipinda cha kuseri. Abambo ankakonzera mawailesi ndi mafoni m'chipindamo. Anakagula kwa ogulitsa zinthu zakale, kali kakufa. Anakapukuta. Anakadontheza mafuta. Analumikiza timawaya take. Tsopano kanali kamoyo.

Abambo anagoneka chitseko chakale pa tebulo. Pa chitsekopo anayala tinjanji. Kamphepo anamanga tinyumba ta makatoni. Anadzala timitengo ta siponji. Anamanganso kasiteshoni ka denga lofiira.

Mlongo wake wamng'ono anaumba tianthu tadothi. Iyeyu ankamutchula Masaya, chifukwa masaya ake anali ngati mabanzi. Masaya anakweza tianthu take m'timabogi.

"Achemwali, muyende nato bwino," anatero Masaya.

"Usadandaule," anayankha Kamphepo.

Abambo anamupatsa limoti yoyendetsera kasitima. Inali ndi mabatani. Inali ndi kagalasi koonetsa manambala. Inalinso ndi kagudumu kopotokola.

Kamphepo anapotokola kagudumu.

Vuuu! Kasitima kanalumpha. Kanadutsa tinyumba. Kanadutsa timitengo. Kanadutsa kasiteshoni. Kanafika pokhota.

Gubudu!

Mutu wa kasitima unagwa chagada. Timabogi tinagwa. Tianthu tinamwazika. Kamunthu kamodzi kanaduka mwendo.

Masaya analira. Anatola tianthu take tonse. Anatiika m'thumba la kabudula.

"Sitikweranso!" anatero. "Imeneyi si sitima. Ndi khoswe!"

Abambo anatola mutu wa kasitima. Anautembenuza uku. Anautembenuza uku. Anauuzira fumbi.

"Wapulumuka," anatero. "Koma ukagwera pansi pa simenti, basi kwatha. Ine sindingauukitsenso."

Mtima wa Kamphepo unawawa. Amayi akubwera. Kasitima kakugwa. Apaulendo athawa.

"Abambo, kodi n'kamisala?" anafunsa.

Abambo anaseka. "Ayi, mwanangu. Kalibe misala. Sikanaphunzire basi."

Anatsegula mutu wa kasitima. M'kati munali kachipangizo kakang'ono ngati chikhadabo.

"Aka ndi kaubongo kake," anatero abambo. "Kamamva zonena limoti. Ukakauza chinthu, kamasunga. Sikaiwala."

"Ndiye kauzeni kaziyenda ngati sitima ya amayi."

"Ine ndimadziwa mabatani," anatero abambo. "Koma sitima imayenda bwanji? Tiye tikaione ndi maso."

Anavala nsapato. Abambo ananyamula Masaya pa phewa. Anapita pa mlatho wa anthu oyenda pansi. Mlathowo unali pamwamba pa njanji, pafupi ndi siteshoni.

Pansi panali sitima yaikulu. Sinali ya amayi. Inali itaima njo. Anthu anali atakwera kale.

Poooo!

Kamphepo anagwira chitsulo cha mlatho. Anadikira kuti sitima ilumphe.

Sitima sinalumphe.

Magudumu anasuntha pang'ono. Kenako pang'ono. Kenako pang'ono. Nkhunda ina inkayenda pambali pa njanji. Nkhundayo inaipitirira sitima!

Pa windo panali bambo wina wachipewa. Ankamwa tiyi. Kapu inali yodzaza. Tiyi sanatayike, ngakhale dontho.

Sitima inawonjezera liwiro. Gwede, gwede. Gwede-gwede, gwede-gwede. Inadutsa nyumba ya chitseko chobiriwira. Kamphepo anaona mutu ukudutsa. Anaona bogi ikudutsa. Anaona bogi ina ikudutsa. Zonse anaziona bwinobwino.

"Abambo," anatero. "Sitima yaikulu imatenga nthawi podutsa nyumba. Kanga kamadutsa kanyumba ndisanaphethire."

"Eya," anatero abambo. "Wapenya bwino."

Kenako kunatulukira sitima ina. Iyi inali kubwera. Inayamba kuchepetsa liwiro ikadali kutali. Inachepetsa. Inachepetsa. Inachepetsanso. Inafika pa siteshoni mwaulemu, ngati mlendo. Inaima osadzidzimutsa munthu.

Kamphepo anathamanga ulendo wa kunyumba. Abambo ndi Masaya anafika akupuma wefuwefu.

Anamupeza atagwada pansi. Chibwano chili pa chitseko. Diso limodzi atatsinzina.

"Ukutani, iwe?" anafunsa abambo.

"Ndasanduka kamunthu kadothi," anayankha Kamphepo. "Bwerani mudzaone."

Abambo nawo anagwada. Mawondo awo analira khwacha! Anaika chibwano pa chitseko. Masaya sanagwade. Chibwano chake chinkafika kale pomwepo.

Ha! Tinyumba tinaoneka ngati nyumba. Timitengo tinaoneka ngati mitengo. Kasiteshoni kanaoneka kutali.

"Kwa ife pano ndi pafupi," anatero Kamphepo. "Kwa tianthu ndi kutali. Nyumba zachepa. Mitengo yachepa. Liwiro nalonso lichepe."

Abambo anatenga limoti. Anadina mabatani. Pa kagalasi panaoneka nambala yaikulu.

"Iyi ndi nambala ya liwiro," anatero. "Kasitima sikapitirira pamenepa, ngakhale upotokole mpaka kumapeto."

"Ndi yaikulu kwambiri," anatero Kamphepo. Anadina batani. Nambala inatsika. Anadina. Inatsika. Anadinanso. Inatsikiratu.

Anaika kasitima pa njanji. Anapotokola kagudumu mpaka kumapeto.

Kasitima kanayenda. Kapena sikanayende? Onse anayang'anitsitsa. Inde, kankayenda. Koma pang'ono zedi. Kanyerere kanatulukira pa chitseko. Kanakapitirira kasitima.

Masaya anayasamula. "Tsopano ndi nkhono," anatero.

"Apaulendo akafika ali ndi imvi," anatero abambo.

Kamphepo anaseka. Anakweza nambala pang'ono. Anaika chibwano pa chitseko. Anayang'ana.

"Ayi, kakuchedwabe."

Anakwezanso. Anayang'ana.

"Ayi, kathamanga."

Anatsitsa pang'ono. Anayang'ana. Mutu unadutsa kanyumba. Kabogi kanadutsa. Kabogi kena kanadutsa. Zonse anaziona bwinobwino. Kasitima kanafika pokhota. Kamphepo anagwira mpweya.

Kanakhota. Sikanagwe!

"Masaya, bweretsa apaulendo!" anafuula Kamphepo.

Masaya anagwira thumba lake. Anapukusa mutu. "Ayi. Kamalumpha ponyamuka. Ndakaona."

Zinali zoona. Kasitima kankanyamuka modzidzimutsa. Kankaimanso modzidzimutsa.

Kamphepo anaganiza za bambo wachipewa uja ndi kapu yake. Anathamangira kukhitchini. Anabwera ndi kachitsekero ka botolo. Anathiramo madzi mpaka pakamwa. Anakakhazika m'kabogi.

"Madzi akapanda kutayika, tianthu tikwera?" anafunsa.

Masaya anaganiza. "Tikwera."

Anasendera pafupi kuti aone bwino. Kamphepo anapotokola kagudumu. Kasitima kanalumpha.

Khavu! Madzi pa mphuno ya Masaya!

Masaya anaphethira. Anayetsemula. Kenako anaseka. Onse anaseka.

Abambo anadina mabatani. Pa kagalasi panaoneka nambala ina.

"Iyi ndi ya ponyamuka," anatero. "Ikakula, kasitima kamanyamuka mofatsa."

Anadinanso. Panaoneka ina.

"Iyi ndi ya poima. Ikakula, kasitima kamaima mofatsa."

Kamphepo anakweza ya ponyamuka. Anakweza ya poima. Anathira madzi. Anayesa. Madzi anatayika pang'ono.

Anakwezanso. Anathira madzi. Anayesa. Panagwa dontho limodzi.

Anakwezanso pang'ono. Anathira madzi. Anapuma. Anapotokola kagudumu.

Timagudumu tinasuntha pang'ono. Kenako pang'ono. Kenako pang'ono. Gwede, gwede. Gwede-gwede, gwede-gwede. Madzi anagwedera. Koma sanatayike.

Kasitima kanazungulira chitseko chonse. Kamphepo anabweza kagudumu kasitima kakadali kutali. Kanachepetsa liwiro. Kanachepetsa. Kanachepetsanso. Kanaima pa kasiteshoni.

Masaya anasuzumira m'kachitsekero. Madzi anali odzaza.

Anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa tianthu, kamodzikamodzi. Anatikweza m'timabogi. Abambo anamata mwendo wa kamunthu kovulala kaja. Kameneka anakapatsa mpando wa pa windo.

Dzuwa litapendeka, geti linalira.

"Odi kuno!"

"Amayi!"

Ana anathamangira panja. Amayi anali atavala yunifolomu. Chikwama chili pa phewa. Anakumbatira Kamphepo. Ananyamula Masaya.

"Mwatsala bwanji, ana anga?"

"Bwino! Bwerani mudzaone! Bwerani!"

"Ndivule kaye nsapato."

"Muvula kenako!"

Anawakoka mpaka m'chipinda cha kuseri. Kamphepo anawakokera mpando.

"Ayi, mpando ayi," anatero Masaya. "Agwade."

Amayi anagwada. Anaika chibwano pa chitseko.

"Poooo!" anatero Masaya.

Kasitima kananyamuka mofatsa. Kanadutsa tinyumba. Kanadutsa timitengo. Kanakhota. Kanaima pa kasiteshoni mwaulemu.

Amayi anangoti kukamwa yasa.

"Ameneyu woyendetsa anaphunzira kuti?" anafunsa.

"Pa mlatho," anayankha abambo.

"Tandipatsa ndiyese," anatero amayi.

Kamphepo anawapatsa limoti. Amayi anapotokola kagudumu. Kasitima kananyamuka. Kanazungulira. Kanayandikira kasiteshoni. Amayi anadikira. Kanafika pa kasiteshoni. Amayi anabweza kagudumu.

Kasitima sikanaime. Kanachepetsa liwiro, koma kanapitirira. Kanadutsa kasiteshoni. Kanadutsa kanyumba. Kanakaima kutchire, pakati pa timitengo.

"Mayo!" anatero amayi. Anagwira kumutu.

"Mwatipitiriza!" anafuula Masaya. "Apaulendo atsikira kutchire!"

Abambo anaseka mpaka anatsamira khoma.

"Ine ndimayesa chidole chimaima pomwepo," anatero amayi.

"Si chidole, amayi," anatero Kamphepo. "Ndi sitima."

Amayi anamuyang'ana. Maso awo anawala.

"Zoonadi," anatero. "Ndi sitima. Ndiphunzitseni, aphunzitsi."

Kamphepo anakhala pa miyendo ya amayi. Anaika dzanja lake pa dzanja la amayi. Anapotokola limodzi. Kasitima kananyamuka. Kanazungulira.

"Panopa, amayi. Yambani panopa."

Anabweza limodzi. Kasitima kanachepetsa. Kanachepetsa. Kanaima pa kasiteshoni penipeni.

"Tafika!" anafuula Masaya. "Tsikani bwino!"

Amayi anapsompsona Kamphepo pa chipumi.

"Ndikawauza anzanga kuntchito," anatero. "Ndikati kwathu kuli sukulu ya oyendetsa sitima."

"Azibwera mmodzimmodzi," anatero abambo. "Chipinda n'chaching'ono."

"Ndipo tikiti yake ndi bisiketi," anatero Masaya. Anatambasula dzanja kwa amayi. "Inunso simunalipire."

Amayi anaseka. Anatsegula chikwama. Anapisamo dzanja. Munalidi paketi ya mabisiketi!

Analipira Masaya. Analipira aphunzitsi. Analipiranso abambo, amene sanapempheko n'komwe.

Onse anakhala pansi, mabisiketi ali kukamwa. Ndipo kasitima kananyamukanso, pang'ono, pang'ono.