Mdwaziki Wokana Kutulutsa Mtolo

Mwamuna wa Nagama anali ataikidwa kale m'manda, koma mdwaziki ankatenthetsabe madzi m'mawa uliwonse. Ankawathira m'beseni, n'kuwayesa ndi chala chake cha mphira, kenako n'kuima pambali pa bedi lopanda munthu mpaka madziwo atazizira. Nagama sankamuletsa.

Mdwaziki linali loboti losamalira odwala, limene chipatala cha m'deralo chinkabwereketsa m'makomo. Maloboti amenewa anali akalekale, opangidwa nthawi imene anthu ankasunga zinthu pa flashi, ndipo sankatha kuwerenga china chilichonse. Maflashi atasiya kupangidwa, amisiri anakonza kabokosi kolumikiza kumsana kwa loboti, kamene kankadzionetsa ngati flashi. Anthu ankakatchula kuti kanamizira. Mkati mwake munkakhala mtolo wa wodwala mmodzi: mankhwala ake, mbali imene amakonda kugonera, ndi mawu onse amene walankhula. Loboti likamapita kwa wodwala wina, ankangotulutsa mtolo wakale n'kulowetsa watsopano, kabokosiko osakagwedeza n'komwe.

Amene anabwera kudzatulutsa mtolo wa malemu aMlauzi, mwamuna wa Nagama, anali mmisiri wa kuchipatalako, dzina lake Ndaziona. Anavula nsapato pakhomo ngakhale panali posakolopa, napepesa maliro asanatchule za ntchito. Kenako anagwada kumbuyo kwa mdwaziki n'kudina pa foni yake. Kagetsi ka kanamizira kanaphethira n'kukhalabe kofiira. Anadinanso. Chimodzimodzi.

"Koma izi ndiye zachilendo," anatero Ndaziona, nkhope ikuoneka kuti yakondwa ndi vutolo. "Lakana, amayi."

"Makina amakananso?"

"Amakana ndithu. Kabokosika sikalanda, kamapempha. Kamauza mtima wa loboti kuti ndikufuna nditulutse mtolo. Ngati loboti lidakali nawo ntchito, limatsekera chitseko mkati. Ndiye apapa latsekera."

"Ntchito yanji poti mwiniwake kulibe?"

"Ndi zimene zikundidabwitsa inenso." Ndaziona anayang'ana pa foni kanthawi. "Njira yokakamiza ilipo. Koma ndikuona kuti za masiku omaliza silinazilembe mumtolo, zidakali m'mutu mwake. Ndikathyola chitseko, zimenezo zitayika."

Nagama anakhala pa bedi. "Tsiku limene ankatisiya, ine ndinali nditathamanga kukaitana alamu anga. Pobwera ndinapeza atatseka maso. Amene anamva mawu awo omaliza ndi uyu."

"Ndamva, amayi. Koma kumtundaku kuli aphunzitsi ena afa ziwalo mbali imodzi, akazi awo sakutha kuwatembenuza okha. Loboti liyenera kukafika lero. Tikalephera mwaulemu, ndikakamiza basi. Sindikufuna kukunamizani."

"Ayi, mwanangu, wanena bwino."

Ndaziona anaika foni pansi, nazungulira kukaima kutsogolo kwa mdwaziki. "Tayesa za pafoni, tsopano timufunse mwiniwake. Iwe, ukudikira chiyani?"

"Sindinatsanzike," linayankha lobotilo.

Nagama anagwira pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro, anaseka. "Abale, bambo aja. Litangofika kumene, likamaliza ntchito linkangotembenuka n'kumapita. Iwo anakwiya, amvekere, kwanu anakulera ndani? Analiphunzitsa kuti lizigwada kaye n'kunena kuti ndapita, ndipo lisasunthe mpaka iwo atayankha."

"Ndiye linaphatikiza ziwirizo," anatero Ndaziona pang'onopang'ono. "Akaliyankha, limadziwa kuti ntchito yatha, n'kulemba za tsikulo, n'kutsekula chitseko. Nanga masiku omalizawo sankaliyankha chifukwa chiyani? Mawu anali atatha?"

"Mawu analipo. Sankafuna kuti lichoke. Likati ndapita, iwo ankangotembenuzira nkhope kukhoma."

Panja galimoto ya kuchipatala inaliza hutala, Ndaziona n'kusuzumira pawindo kuuza dalaivala ndi dzanja kuti adikire.

"Kaya limvera mawu anu," anatero. "Koma mwini nyumba tsopano ndinu."

Nagama anamanga bwino chitenje, naima patsogolo pa lobotilo. "Bambo sadzadzukanso. Unawasamala bwino. Ukhoza kutsanzika."

Mdwaziki anapinda mawondo ake achitsulo, limodzi n'kulira ngati chitseko chakale. "Ndapita, amayi."

"Pita bwino, mwanawe."

Kagetsi kanaphethiraphethira kwa nthawi, kenako kanasanduka kobiriwira. Ndaziona anadina, mtolo n'kutuluka wonse bwinobwino. Anausamutsira pa foni ya Nagama, namusonyeza podina akadzafuna kumvera. "Musathamangire lero. Mudzamvere pali munthu pafupi."

Mdwaziki anaimirira, nayang'ana uku ndi uku m'chipindamo ngati mlendo. Maso ake atafika pa Nagama, analankhula mwaulemu kwambiri.

"Muli bwanji, amayi? Ine ndine mdwaziki. Wodwala ali kuti?"

Zimenezi palibe amene anali atamuchenjeza. Zaka zitatu iye ndi mdwazikiyu ankagwirizana potembenuza munthu mmodzi, wina kumutu wina kumiyendo, ndipo lero ankapatsidwa moni ngati mayi wokumana naye pamsika.

"Ndili bwino, kaya inu. Wodwala ali kumtunda, akukudikirani."

Anawaperekeza mpaka pamsewu, foni ataifumbata pachifuwa. Mawu a mwamuna wake anali atatsala naye onse, koma mnzake yekhayo amene ankadziwa kulemera kwa thupi lija anakwera galimoto osacheuka.