Dilowa Yachitatu ya Kabati ya Pennock

Mtembo wa mayi Vivian Chalwe unapezeka Lamlungu m'mawa, 7 koloko itangodutsa ndi mphindi makumi awiri, m'chipinda chochezera cha nyumba yawo ku Woodlands. Anaupeza ndi mnansi amene ankadzawatenga kuti apitire limodzi kutchalitchi. Inspekitala Yande Kampamba, amene anali atafufuza milandu yakupha kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, anafika 8 koloko isanakwane.

Mayiyo anagwa chafufumimba patsogolo pa kabati yakale ya mtengo wa mukwa, ya madilowa asanu. Anamenyedwa kamodzi kunkhongo ndi hamala yaikulu yamtengo, ija amisiri amakhomera tchizulo, ndipo hamalayo inali pambali pawo. Dokotala anati anafa Loweruka masana. Chitseko sichinathyoledwe. Patebulo panali makapu awiri ndi tiyi wosamwa. Yande anaona kuti dilowa yachitatu ya kabatiyo yatsala kunja pang'ono, ngati kutalika kwa chala. Anaikankha, sinalowe. Anaikoka, inakana.

Pofika masana bwana wake anali atamanga kale munthu. Pa chigwiriro cha hamala panawotchedwa zilembo ziwiri, ndipo mnansi uja anati ndi za kalipentala wa ku Kabwata, a Killian Mukuka, amene Lachisanu anamveka akukalipirana ndi malemuwo. Anakawatenga kunyumba kwawo, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri, yotupa miyendo ndi matenda a shuga, nkukaiponya m'chitokosi yopanda mankhwala ake. Bwanayo anati Lachitatu m'mawa mlandu upite kukhoti, nkhani yatha.

Yande anatuluka mu ofesimo. Ankadziwa bwino mmene zimathera: wosauka akalowa kundende kudikira mlandu wakupha, zaka zimapita, ndipo wa miyendo yotere satulukako akuyenda.

Lolemba 9 koloko anawaitanitsa m'chipinda chofunsira mafunso. A Mukuka anali oyera khungu, atsitsi la imvi lofewa, zala zawo zokhakhala ngati makungwa. Sanakane za hamala. Anati ankakonza mwendo wa kabatiyo, ndipo Lachisanu dzuwa likupendeka anasiya zida zonse pomwepo chifukwa Sabata linali litayandikira. Loweruka anagona kunyumba okha, miyendo itawakana kupita kutchalitchi. Mboni analibe.

Za mkangano anazifotokoza mowawidwa mtima. Mayi Chalwe, chipumireni ntchito yosunga mafayilo, anadzipereka kufufuza mbiri ya mzungu wina wa ku Mangalande, Arthur Pennock, mmisiri wa makabati amene anafika ku Lusaka mu 1948 nkubwerera kwawo patapita zaka khumi. Amayi awo a Vivian anali mwana wa mzunguyo. Vivian atapeza kabati ya mzunguyo kwa wogulitsa katundu wakale ku Makeni, anaona kuti kunsi kwa dilowa ina Pennock analembako ndi pensulo mayina a ana asanu ndi mmodzi amene anabereka kuno mwa akazi osiyanasiyana. Vivian anawalondola onse, wina ku Chunga, wina ku Kaunda Square, ena kumanda. A Mukuka anali wachitatu pamndandandawo.

"Anafuna kutisonkhanitsa tonse pa phwando la ku Kabulonga," anatero a Mukuka. "Ine nakana. Nati, mwana wanga, sindine mbuzi yoonetsa pamsika. Munthu anatisiya monga zipalapala za matabwa, manje tikamuimbire nyimbo?"

Yande anafunsa za dilowa yokana kutseka. Nkhalambayo inadzutsa mutu koyamba chilowereni m'chipindamo.

"Ba Inspekitala, musanitukwane. Nkhoza kufela mu selo, koma osati na bodza yakuti nasiya dilowa yogwila. Yonse faifi n'naipaka kandulo Lachisanu. Inali kuyenda na chala chimodzi chabe."

Bwana anakana kuti womangidwa atuluke. Yande sanatsutsane naye. Anangodikira kuti bwanayo apite ku nkhomaliro, nasaina yekha m'buku, nkukweza a Mukuka m'galimoto. Anafika ku Woodlands 1 koloko ndi theka.

Nkhalambayo inagwada movutikira patsogolo pa kabatiyo, unyolo uli m'manja. Inagogoda m'mbali mwa dilowayo ndi chikhatho, kuno pang'ono, uko pang'ono, mpaka inasololoka. Inaitembenuza. Kunsi kunali mbee, kopanda cholembedwa chilichonse.

A Mukuka anafotokoza modekha, monga amaphunzitsira munthu wosadziwa. Dilowa yopangidwa ndi manja imapalidwa kuti ikwane pabowo pake pokha. Ngakhale m'kabati imodzi, yachiwiri silowa pa yachitatu, ndipo nchifukwa chake mmisiri amadula timizere kumbuyo kuti asasokoneze. Madilowa a kabati iyi anali ndi timizere kumanzere. Iyi inali nato kumanja. Dzanja linali lomwelo, mtengo womwewo, koma inkanunkha polishi wa m'sitolo pamene inzake inkanunkha kandulo. Mkulu amene anawaphunzitsa ntchito, yemwe anagwirapo kwa Pennock, ankanena kuti mzunguyo ankapanga makabati awiriawiri kuchokera ku mtengo umodzi.

"Kabati iyi ili na mlongo wake kwinakwake," anatero. "Amene anaika dilowa iyi apa sanagwilepo landa yopalila matabwa chibadwile."

Yande anakhala pansi nkuwerenga tsamba ndi tsamba kope limene malemuwo ankalembamo za kafukufuku wawo. Mwana wachinayi pamndandanda anali mayi Charlotte Mulubwa a ku Kabulonga, amene Loweruka likudzalo ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri. Vivian analemba kuti mayiwo sanaonane nawo. Kawiri konse anabwezedwa pageti ndi mwana wawo Spencer, mwini sitolo ya mipando yochokera kunja, mkulu wa mpingo, amene pa chikwangwani cha sitolo yake analembapo dzina la agogo ake achizungu.

Lachiwiri 10 koloko m'mawa Yande anafika ku Kabulonga ndi chilolezo chofufuzira m'nyumba. Pabwalo anthu ankakhoma tenti ya phwando. Spencer anamulandira ndi ulemu wozizira, nati amayi ake apita kwa telala, ndipo anadandaula kuti dziko laipa, anthu akulowetsa m'nyumba amisiri osadziwika. Za Vivian anati ankangomumva. Anafotokoza mosafunsidwa kuti agogo ake aakazi anakwatiwa ndi Pennock kutchalitchi, kuti amayi ake anali mwana mmodzi yekha, ndi kuti kabati ili apoyo inali mphatso ya ukwatiwo.

Kabatiyo inaima pakati pa zithunzi za banja, yowala ndi polishi. Dilowa yachitatu inali italowa mopitirira inzake, ndipo Yande ataikhudza inagwedera ngati dzino la nkhalamba. Anaisolola nkuitembenuza pa tebulo lagalasi.

Timizere tinali kumanzere. Kunsi kunali kotuwa ndi ukalamba, koma malo asanu anali atakhulidwa ndi sandipepa mpaka kuyera. Pakati pa zipserazo panatsala mzere umodzi wa pensulo: dzina la Charlotte ndi chaka cha 1955.

"Ba Mulubwa," anatero Yande, mawu ake ali pansi, "dilowa yanu ili ku polisi. Mufuna tikaiyese apa pamaso pa amayi anu, kapena mukamba manje?"

Spencer anayang'ana pazenera kumene tenti inkakwera. Kenako anakhala pampando, nkhope itachita mdima, nayamba kulankhula mokalipa ngati iyeyo ndiye wolakwiridwa.

Anati Vivian anamuimbira foni kuti Loweruka adzabwera kuphwando ndi dilowayo, pamodzi ndi ana ndi zidzukulu za akazi enawo, kuti abale adziwane. Anamupempha kuti asiye, iye anayankha kuti choonadi sichipempha chilolezo pageti. Ndiye anaganiza zosinthanitsa madilowa mwakachetechete, kuti patsikulo Vivian akatembenuze dilowa yopanda kanthu, anthu amuseke. Anapita Loweruka lapitalo 2 koloko masana, dilowa ya kwawo ili m'chikwama chachikulu, akunamizira kuti wabwera kudzapepesa. Vivian atapita kukhitchini, anasolola yachitatu nkulowetsa yakeyo. Inagwira. M'sitolo mwake dilowa iliyonse imalowa paliponse, ndipo sanaganizepo kuti izi zingakane. Akulimbana nayo, Vivian analowa ndi tiyi, naika patebulo, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Anaseka," anatero Spencer. "Anati, ndiwe mdzukulu wake zoona, naiwe ufuna kutifafaniza. Anatembenuka kuti atenge foni, ine n'natenga hamala. Amayi anga akhala zaka sevente akudziwa kuti ndi mwana wa mu ukwati. Mpingo wonse udziwa. Niwalole afe ali namba folo pa listi ya pansi pa dilowa?"

"Ndiye munawasiyila dzina lawo lokha."

"Ndiwo okha amene ali ofunika."

Yande anamufunsa ngati ankadziwa amene anamangidwa m'malo mwake. Spencer anati anamva, kalipentala wina wa ku Kabwata.

"Mumudziwa bwino. Dzina lake munalikhula na manja anu, lili pamwamba pa la amayi anu. Ni amalume anu. Agona pa simenti masiku awili, miyendo yotupa, inu muli kusankha mtundu wa tenti."

"Uja si malume wanga."

Yande anamuuza mlandu wake ndi ufulu wake, mawu amodziamodzi, namumanga unyolo mothina kuposa mmene ankachitira masiku onse. Akutuluka, galimoto inalowa pageti, ndipo mayi wokalamba woyera khungu anatsika atanyamula diresi yatsopano m'pepala. Anayang'ana manja a mwana wake, kenako dilowa imene inali m'khwapa mwa wapolisi.

"Mupita nayo kuti?" anafunsa. "Ni ya atate anga iyo."

"Ni yawo, amayi," anatero Yande. "Koma siili yanu mwekha. Kuli mlongo wanu ku polisi, nipita kukam'masula. Ngati mufuna kumuona, kwelani kutsogolo."

Mayi Charlotte anapereka diresi ija kwa mmodzi wa okhoma tenti, natsegula chitseko cha galimoto ya polisi.