Masaya a Clémence

Amene anayamba kuona chodabwitsacho anali Armande, mkulu wa amayi opaka utoto pa tizithunzi ta filimu. Linali Lachiwiri m'mawa, chifunga cha ku Bagnolet chitakuta magalasi a nyumba yojambuliramo kanema ya Octave Brissaud. Armande anakweza filimuyo pazenera, nayang'ana nthawi yaitali, kenako anatuma munthu kukaitana abwana.

Kanemayo anali wa mzukwa wa mkazi wotulukira m'khoma la chipinda cha munthu woumira. Octave anamukonza ndi luso limene ankadziwika nalo: ankajambula munthu kutsogolo kwa nsalu yakuda bii, kenako n'kusanjikiza chithunzicho pa cha chipinda, moti munthuyo ankaoneka ngati utsi, mipando ndi khoma zikuonekera kupyola m'thupi mwake. Anthu a m'misasa ya zionetsero ankakuwa n'kumaseka akaona zoterezi, ndipo wogula wina wa ku Lille anali atalonjeza kudzamutenga kanemayo Loweruka. Amayi opaka utoto, aliyense ndi mtundu wake umodzi, anali atatha mwezi akuweramira tizithunzi tating'ono ngati chikhadabo, ndipo mzukwawo anaupaka wobiriwira mozilala, mtundu wa mtembo wovuulidwa m'madzi. Anawalamula choncho anali Octave mwini wake.

Koma tsopano, pa tizithunzi toyambirira, masaya a mzukwawo anali ofiirira ngati a munthu wamoyo amene wangolowa kuchokera pamphepo.

Armande anati palibe mkazi amene anapatsidwa utoto wofiira pa ntchito imeneyi. Kenako anatsitsa mawu.

"Abwana, nkhope iyi tonse tikuidziwa. Tangokhala chete chifukwa cha ulemu."

Octave anaweramira filimuyo. Nkhopeyo inali ya Clémence, mkazi wake, amene anamwalira ndi chifuwa chachikulu m'nyengo yachisanu yapitayo. Anamujambula patatsala milungu yochepa kuti agwe pamphasa, atawonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera, chifukwa anaona kuti kuwondako kunali kuuyenera mzukwa kuposa ufa uliwonse wopaka kumaso. Pamaliro analumbira mumtima kuti filimuyo sadzaitulutsanso m'chitini. Koma chaka chinali choipa, zimene anajambula sizinkagulidwa, ndipo tsiku lina anangozindikira kuti chitinicho chili chovundukula m'manja mwake. Octave sanawauze kanthu apongozi ake, Mayi Tessier, mayi a Clémence. Mayiwo kale anali katswiri wopaka utoto, koma maso atafooka anawasamutsira kuchipinda chosokera zovala za osewera. Octave akangomva kukhosomola kwawo pamakwerero, ankalowera khomo lina.

Madzulo amenewo anatsekera filimuyo m'chipinda chapansi mosungira zitini. Makiyi a chipindacho anali awiri okha, wake ndi wa Clémence, ndipo wa Clémence sanapezekenso chichitikireni maliro.

Kutacha, kufiira kuja kunali kutafalikira pa tizithunzi tina tambiri, ndipo tsopano kunali ndi pamilomo pomwe. Tsiku linalo tsitsi linali litabwerera mtundu wake wa uchi wakupsa. Mlonda wa pamalopo, Gaspard, anauza akalipentala kuti usiku amamva kukwatakwata pansipo ngati makoswe, kungoti makoswe sang'ung'udza nyimbo, ndiponso kuti amaona kakuwala kakukwawa kunsi kwa chitseko. Atamufunsa chifukwa chimene sanatsikire kukaona, anati iye ali ndi ana. Mkazi wina wopaka utoto anadwala mutu atakhudza filimuyo ndipo sanabwerenso kuntchito. Komwera vinyo kutsidya kwa msewu kunayamba kumveka kuti utotowo ukadzafika pa kachithunzi komaliza, Clémence adzatuluka pansalu yoonetserapo kanema n'kuyenda ndi miyendo yake.

Octave akudutsa kuseri kwa khoma la nsalu limene ankalipenta, anamva kalipentala wina akuti, "Abwana athu ndi ochenjera, amwene. Apeza wosewera amene sangakane ntchito ngakhale ali kumanda." Anzake anaseka chapansipansi. Octave anaima kuseriko mpaka onse atachoka, nkhope ikutentha ngati amumenya mbama.

Lachinayi sanapite kwawo. Anadikira Gaspard atseke chipata, natsikira pansi n'kukhala kuseri kwa mulu wa nsalu zakuda, moyang'anizana ndi chitseko chija. Mdima wa mmenemo unali wolemera, wonunkha mankhwala otsukira filimu ndi fumbi lonyowa. Kumwamba magalasi ankachita thetha ndi chisanu, mpopi wina unkadontha, ndipo kutali sitima inalira n'kuzimirira. Chimene ankaopa sichinali mzukwa kwenikweni. Ankaopa kuti Clémence akabweradi, adzangomuyang'ana.

Usiku utapita ndithu, anamva mapazi pamakwerero, oyenda mokhwekhwereza, akuima pa sitepe iliyonse. Kiyi analira m'loko. Machesi anathetheka, kakuwala kachikasu kanatuluka pakhomopo, kenako kunamveka nyimbo yong'ung'udza, yomweyo imene Clémence ankaimba akamapesa tsitsi. Octave anatuluka kuseri kwa nsalu zija. Anakwawa ndi manja mpaka pachitseko, nasuzumira.

Patebulo panali pataweramira Mayi Tessier, shawelo yakuda ili kumutu, kaburashi kaubweya wochepa kali m'dzanja, mphuno yawo itatsala pang'ono kukhudza filimu. Pambali pa filimuyo, mtunda wosakwana chikhatho, kandulo inali kuyaka. Filimu imayaka ngati wonga, ndipo mashelefu onse kumbuyo kwawo anali odzaza ndi zitini. Octave anadziwa kuti akakuwa, mayiwo adzidzimuka, chigongono chigunda kandulo, ndipo kukacha sipadzatsala nyumba kapena munthu.

"Amayi," ananong'oneza.

Mayiwo sanatembenuke. Anati anamumva kalekale akupuma kuseri kwa nsalu ngati galu wodwala. Octave anayandikira chonyang'ama, natola kanduloyo ndi manja onse awiri n'kukaiika pansi pakhomo. Phula lotentha linamudonthera pazala koma sanalimve.

"Mwana wanga sanali wobiriwira," anatero Mayi Tessier, akupukuta kaburashi pa shawelo. "Ndinamubereka ndine. Mtundu wake ndikuudziwa."

Octave anayembekezera kutukwanidwa, ndipo akanakondwa atatukwanidwa. Anayamba kunena za chaka choipa, za antchito amene akanachotsedwa, koma mayiwo anamudula mawu. Anangoti nkhani ya filimuyo anaimva kwa Armande, kiyi anamupeza m'thumba la diresi la mwana wawo, ndipo tizithunzi totsala ndi tochepa. Kenako anati chiyambireni kupaka akhala akumuona Clémence ali chiimire, kachithunzi kamodzikamodzi. Ankafuna amuone akuyenda.

Panalibe chokanira. Octave anakwera nawo kuchipinda choonetsera, nakoloweka filimuyo m'makina, nayatsa nyali yamagetsi n'kuyamba kupukusa chogwirira. Makinawo analira kwerekwere mumdimamo. Pansalu yoyera panaoneka chipinda cha munthu woumira uja, kenako khoma linachita ngati likupuma, ndipo Clémence anatulukamo.

Ndi masaya ofiira ndi tsitsi lake lenileni, sanalinso mzukwa woopsezera anthu a m'misasa. Anali mkazi wodwala amene wina wamuimiritsa. Zinkaoneka bwino lomwe mmene chifuwa chake chinali kukwerera ndi kutsika, ndi mmene manja okwezedwawo ankanjenjemerera. Chakumapeto anatembenukira kwa wojambula, dzanja limodzi likufufuza pogwira, milomo yake n'kuyenda popanda mawu. Octave anali atasiya mbali imeneyo dala, poganiza kuti oonera adzati mzukwa ukutemberera.

"Akuti chiyani pamenepo?" anafunsa Mayi Tessier.

"Sindikukumbuka, Amayi."

"Bwezerani. Mwina mukumbuka."

Anabweza filimuyo, naikolowekanso. Clémence anatulukanso m'khoma, nakwezanso manja, natembenukanso. Mayiwo anafunsanso ndi mawu omwe aja, osakwera osatsika, ndipo Octave anakananso. Zinapitirira choncho mpaka phewa lake linachita dzanzi, thukuta likutsikira m'kolala ngakhale munali mozizira. Nthawi iliyonse milomo ija ikayenda, mawuwo ankamveka bwino m'mutu mwake kuposa kulira kwa makina, pamodzi ndi kachifuwa kouma kamene kanawatsatira tsiku lija. Kuzenera kutayamba kutuwa, anagonja.

"Akuti watopa," anatero, maso ali pansi. "Akupempha kuti akhaleko pansi."

Mayi Tessier anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa chimene ankachidziwa kale. Filimuyo inathera m'makina n'kusiya nsalu ili mbuu.

"Nanga inu munamuyankha chiyani?"

Octave anayasamula kukamwa, koma anapeza kuti chimene ananena tsiku lija, chakuti akwezenso manja chifukwa dzuwa likupita, sichingatuluke pamaso pa mayi wa munthu. Mayiwo sanamukakamize. Anadzuka, nakonza shawelo yawo, nati mawa adzabwera masana kudzamaliza tizithunzi totsalato, ndipo awakonzere mpando pafupi ndi zenera.

Wogula wa ku Lille anabwerera chimanjamanja Loweruka, ndipo kanemayo sanaonetsedwepo m'msasa uliwonse. Koma Gaspard anapitirizabe kuuza anthu komwera vinyo kuti usiku wina ndi wina amamva makina akulira kuchipinda choonetsera, ndi mawu a mwamuna akubwereza chapansipansi kuti khala pansi, khala pansi.